Mmene mungasiyire mowa n'kulimbitsa thupi osabwereranso ku botolo

Anthu ambiri akatopa ndi mowa amayamba ndi kugula nsapato zothamangira pa kaunjika. Maganizo ake ndi abwino, koma nsapato si poyambira. Masewera olimbitsa thupi amamugwira dzanja munthu amene wasiya mowa, koma paokha samusiyitsa. Ndipo kwa munthu amene thupi lake linazolowera kumwa tsiku ndi tsiku, kudzuka m'mawa n'kudula mowa mwadzidzidzi, kenako n'kukathamanga pamsewu, kungathe kumugonetsa m'chipatala. N'chifukwa chake ndasanja malangizowa motsatira chomwe chiyenera kuyamba ndi chomwe chiyenera kudikira. Chonde musadumphe gawo lachiwiri, ngakhale mutakhala pachangu chotani.

Choyamba: werengani zomwe mumamwa, osadzinamiza

Tengani kope kapena foni, ndipo kwa sabata imodzi muzilemba chilichonse chomwe mwamwa: mtundu wake, kuchuluka kwake, nthawi, malo, amene munali naye ndi ndalama zomwe zapita. Musasinthe kamwedwe sabata imeneyi, ingolembani. Pepala limeneli lidzagwira ntchito kawiri. Mudzapita nalo kuchipatala, komanso lidzakuonetsani maola amene mowa umakupezani, omwe ndi maola amene tidzaikemo masewera.

Pamene mukuwerenga, dziwani zomwe zili m'botolomo. Botolo la mamililita 330 la mowa wa mphamvu ya 5 peresenti limakhala ndi magalamu pafupifupi 13 a mowa weniweni, ndipo limapatsa thupi makalori (muyeso wa mphamvu yochokera m'zakudya ndi zakumwa) pafupifupi 140. Mabotolo 6 ndi makalori oposa 800. Munthu wolemera makilogalamu 70 amawotcha makalori pafupifupi 70 pa kilomita iliyonse yomwe wathamanga, ndiye kuti afunika makilomita 12 kuti angobweza za usiku umodzi, tisanawerengere kanyenya, mang'ina ndi tchipisi cha pachiwaya zomwe zimaperekeza mowawo. Kachasu ndi masese n'zovuta kuwerenga chifukwa palibe amene amayeza mphamvu yake. Wa lero akhoza kukhala waukali kuposa wa dzulo. Lembanibe mavelemuti kapena makapu omwe mwamwa.

Pali bodza limodzi lofala pakati pa anthu amasewera lomwe liyenera kufa pompano: lakuti mowa umatuluka ndi thukuta. Gawo loposa 90 peresenti la mowa limaphwanyidwa ndi chiwindi, ndipo chiwindi chili ndi liwiro lake, pafupifupi magalamu 7 mpaka 10 pa ola. Kuthamanga, kusamba madzi ozizira kapena kumwa khofi sikuchifulumizitsa. Amene wamwa mabotolo 6 mpaka pakati pa usiku amadzuka mowa udakali m'magazi, madzi m'thupi atachepa chifukwa mowa umakodzetsa, ndipo mtima ukugunda mofulumira kale asanapondenso pabwalo.

Chachiwiri: dziwani ngati thupi lanu lingalole kusiya lero

Apa ndi pamene pali moyo ndi imfa. Dzifunseni mafunso awa moona mtima. Kodi mumamwa tsiku lililonse kapena pafupifupi tsiku lililonse? Kodi m'mawa manja amanjenjemera, thukuta n'kumatuluka, mseru n'kumabwera, mpaka mutamwa kambiri kochotsa matsire? Kodi munayesapo kusiya n'kugwa ngati wakhunyu, kapena kuyamba kuona ndi kumva zinthu zomwe anzanu sakuziona? Ngati mwavomera ngakhale funso limodzi, musasiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Pitani kaye kuchipatala.

Chifukwa chake n'chakuti mowa umapondereza ubongo, ndipo ubongo wa munthu womwa kwambiri umazolowera kugwira ntchito mokankha kuti ulimbane ndi kuponderezako. Mowa ukachoka mwadzidzidzi, kukankhako kumapitirira popanda chokuletsa. Zizindikiro zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 kuchokera pa chakumwa chomaliza: kunjenjemera, nkhawa, kusowa tulo, kusanza, mtima kuthamanga. Kugwa ngati khunyu kumabwera kawirikawiri m'masiku 2 oyamba. Choopsa kwambiri ndi chomwe madokotala amatcha delirium tremens, chomwe chimayamba patapita masiku 2 kapena 3: munthu amasokonezeka mutu, amabwebweta, thupi limatentha, sazindikira kumene ali. Anthu kumudzi akaona izi amathamangira kunena kuti walodzedwa kapena mizimu yamugwira, n'kuchedwa naye. Ameneyo akufunika chipatala usiku womwewo, chifukwa vutoli limapha, koma limachizika akafika nalo msanga.

Kuchipatala nenani zoona zonse, ndipo onetsani pepala lija. Achipatala amapereka mankhwala monga diazepam kwa masiku ochepa kuti ubongo utsike pang'onopang'ono, komanso vitamini B1, amene amasowa kwambiri m'thupi la munthu womwa, ndipo kusowa kwake kumawononga ubongo ndi kukumbukira. Musagule diazepam nokha kwa ogulitsa mankhwala pamsika. Akasakanikirana ndi mowa amatha kuimitsa kupuma, ndipo nayenso amazolowereka. Pemphaninso kuti akuyezeni BP ndi shuga, ndipo anene ngati mtima ndi chiwindi zili bwino kuti muyambe masewera. Ngati mukumwa ma ARV, mankhwala a TB, a khunyu kapena a shuga, auzeni, koma musasiye kumwa mankhwala anu.

Poyambira ndi chipatala chomwe muli nacho pafupi. Zipatala za maboma zimakhala ndi anamwino kapena madokotala oona za matenda a maganizo. Kwa ofunika chithandizo chozama, a Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu amene akodwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, chipatala cha Zomba Mental chimalandiranso odwala otere, ndipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli gawo loona za maganizo. Kupita kumalo amenewa sikutanthauza kuti mwapenga. Aliponso mankhwala ochepetsa chibaba cha mowa, monga naltrexone ndi acamprosate. Funsani dokotala ngati angapezeke ndiponso ngati akuyenerani.

Ngati maso asanduka achikasu, mimba yatupa, mwasanza magazi kapena chimbudzi chikutuluka chakuda bii, iwalani kaye za masewera. Pitani kuchipatala lero.

Amene amamwa Lachisanu ndi Loweruka lokha, n'kukhala masiku ena onse osanjenjemera, nthawi zambiri angathe kungosiya. Vuto lawo si la thupi kwenikweni koma la chizolowezi ndi anzawo, ndipo magawo otsatirawa akuwakhudza kwambiri.

Chachitatu: sankhani tsiku, ndipo tsekani njira

Sankhani tsiku lomwe lili mkati mwa masabata 2 akubwerawa. Lisakhale tsiku la malipiro, lisakhale sabata ya ukwati wa mlongo wanu, ndipo lisakhale 1 Januwale, pomwe aliyense amalonjeza n'kuiwala. Usiku woti mawa ndi tsikulo, chotsani mowa wonse m'nyumba, ngakhale botolo losungira alendo. Lipirani ngongole yomwe muli nayo kubala kapena kwa mayi wotcheza kachasu, makamaka kudzera mwa munthu wina, chifukwa ngongole imeneyo ndi chingwe chokukokerani komweko.

Ndalama ndi nkhani ina yofunika kuikonza tsikulo lisanafike. Onkhetsani zomwe mowa unadya sabata ija, muchulukitse ndi 4. Ndalama imeneyo isamagone m'thumba kapena pa Airtel Money ndi Mpamba pomwe mungaitape ndi chala chimodzi Lachisanu usiku. Malipiro akangolowa, ipititseni ku banki m'khonde, ku chipereganyu, ku fizi ya ana, kapena mulipirire jimu mwezi wonse.

Kenako uzani anthu awiri kapena atatu, osati dziko lonse. Mmodzi akhale wa m'nyumba, wina akhale munthu amene mungamuimbire 9 koloko usiku n'kunena kuti, "Achimwene, chandigwira, tandilankhulani." Koma akazi anu kapena amuna anu musawasandutse apolisi onunkhiza m'kamwa. Iwo avutika kale mokwanira, ndipo ntchito yolondera imangobweretsa kubisa ndi mikangano. Apempheni chinthu chimodzi chomveka, monga kuti m'nyumba musalowe mowa. Akakayika, musakwiye. Mwina anamvapo lonjezo limeneli kale, ndipo adzakhulupirira akaona miyezi ikudutsa.

Chachinayi: masabata 2 oyamba, yendani basi

Ino si nthawi yodzionetsa mphamvu. Ntchito yanu ndi zinayi: kusamwa, kudya katatu, kumwa madzi, ndi kuyenda mphindi 20 mpaka 30 tsiku lililonse. Amene akulandira mankhwala akuchipatala othandiza kusiya mowa adikire mpaka achipatala atawalola, ndipo asanyamule zitsulo, kusambira kapena kukwera njinga pamsewu mpaka kunjenjemera ndi chizungulire zitatheratu.

Tulo tidzavuta. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo ta kumaloto, ndipo ukachoka, munthu amatembenukatembenuka, n'kumalota maloto oopsa, ena n'kumalota akumwa. Zimenezi zimatenga masabata, kwa ena miyezi, koma zimatha. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale munagona mochedwa, muone dzuwa la m'mawa, ndipo tiyi wamphamvu ndi khofi zithere masana. Mudzalakalakanso zotsekemera. M'mwezi woyamba musalimbane nazo kwambiri. Nthochi, mzimbe, mango, ngakhale mandasi, n'zabwino kuposa kubwerera kubala. Kuchepetsa thupi kudikire.

Chachisanu: ikani masewera pa ola lomwe mowa unkakupezani

Pa malangizo onsewa, awa ndi amene ndimawakhulupirira kwambiri. Bwererani ku pepala lija muone nthawi yomwe mumayamba kumwa. Kwa ambiri ndi pakati pa 5 koloko ndi 7 koloko madzulo, poweruka. Munthu sapita kubala chifukwa cha ludzu lokha. Amapita chifukwa ntchito yatha, kunyumba kuli phokoso kapena kuli zii, mutu wadzaza, ndipo pali malo amodzi pomwe amamudziwa dzina n'kumusungira mpando. Mukachotsa mowa osaikapo kanthu pa maola amenewo, mpatawo udzakubwezerani komweko.

Anthu ambiri amaika masewera m'mamawa chifukwa kumakhala kozizira, ndipo si kulakwa. Koma kuthamanga 5 koloko m'mawa sikukutetezani 6 koloko madzulo. M'miyezi 3 yoyamba, masewera anu aakulu akhale pa ola la mowa. Nyamulani nsapato ndi kabudula popita kuntchito, musinthe musanatuluke pageti. Ngati minibasi imakutsitsani pafupi ndi bala yomwe munkamwera, tsikirani siteji ina n'kumalizitsa ulendo wapansi kudzera njira ina. Mukafika kunyumba mutatopa, mwasamba, mwadya, ola loopsa ladutsa. Loweruka m'mawa panganani ndi munthu kuti mukumane 6 koloko. Kudziwa kuti wina akudikira pamphambano kumateteza Lachisanu usiku kuposa lonjezo lililonse lomwe mungadzipatse nokha.

Chibaba chidzabwerabe. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti chimakwera, chimafika pachimake, kenako chimatsika chokha, kawirikawiri pasanathe theka la ola, ngakhale simunamwe. Chikabwera musakhale pansi n'kumakambirana nacho, chifukwa chimadziwa kulankhula kuposa inu. Yang'anani wotchi, dziuzeni kuti mudikira mphindi 20, ndipo nyamukani. Yendani mofulumira, pangani mapushapu 10, tungani madzi, imbirani munthu uja. Dzifunseninso ngati muli ndi njala, mwakwiya, mwasungulumwa kapena mwatopa, poti nthawi zambiri chibaba chimabisala kumbuyo kwa chimodzi mwa zimenezi. Kudya kanthu 4 koloko masana, monga mbatata, mtedza kapena chimanga chootcha, kumachepetsa nkhondo ya madzulo modabwitsa.

Chachisanu ndi chimodzi: kwezani masewera mwadongosolo

Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kuchita masewera opepukirapo kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena olemetsa kwa mphindi 75 mpaka 150, kuphatikiza masiku 2 olimbitsa minofu. Kumeneko ndi komwe mukupita, osati poyambira.

Kuyambira sabata yachitatu, masiku 3 pa sabata chitani izi: yendani mphindi 5 kuti thupi litenthe, kenako thamangani mphindi 1 n'kuyenda mphindi 2, mubwereze kasanu ndi katatu. Sabata iliyonse onjezerani pang'ono nthawi yothamanga n'kuchepetsa yoyenda. Pakatha masabata 8 mpaka 10, ambiri amakwanitsa mphindi 30 osaima. Liwiro loyenera ndi lomwe mungathe kulankhula ndi mnzanu mukuthamanga. Ngati mawu sakutuluka, mwafulumira. Masiku ena 2 ndi a minofu: kunyonyomala n'kudzuka, mapushapu, kudzikoka pa nthambi kapena chitsulo, kukwera ndi kutsika pa sitepe. Bwerezani chilichonse ka 8 mpaka 12, mupume, muchitenso katatu. Jimu si yokakamiza. Chigubu cha malita 5 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 5, cha malita 20 chimalemera 20, ndipo anyamata ambiri m'makwalala amanga matupi ndi simenti yothira m'zitini. Tsiku limodzi pa sabata pumani kwathunthu, koma likonzeni tsikulo lisakhale lopanda chochita.

Pamsewu, thamangani kudzanja lamanja kuti muziona galimoto zobwera kutsogolo kwanu, ndipo valani zowala ngati kwayamba kuda. Amayi ndi atsikana, pezani gulu. Magulu a aerobics amene amakumana m'mabwalo ndi m'maholo a m'tauni ndi malo abwino oyambira. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka kuchigwa cha Shire ndi kunyanja, dikirani dzuwa lipepe ndipo nyamulani madzi. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kubanika kosayenera kapena mtima ukugunda modumphadumpha, imani pomwepo ndipo mukaonane ndi dokotala. Mowa wa zaka zambiri umafooketsa mnofu wa mtima ndi kukweza BP, ndipo munthu sadziwa mpaka atauyesa. Samalaninso ndi mankhwala opha ululu: Brufen amapweteka chifu chomwe mowa unachikanda kale, ndipo Panado wopitirira mulingo amawononga chiwindi.

Mwina mukuganiza kuti mukalimba mudzatha kumamwa pang'ono mutachoka ku jimu. Kafukufuku wina wa ku Australia wa 2014 anapeza kuti anyamata amene anamwa mowa wambiri atangomaliza masewera, kamangidwe ka minofu yawo kanatsika ndi 24 peresenti ngakhale anadya mapuloteni okwanira, ndipo kanatsika ndi 37 peresenti pamene sanadye mapuloteniwo. Minofu imakula pamene mukupuma ndi kugona, ndipo mowa umawononga zonse ziwiri.

Chachisanu ndi chiwiri: idyani ngati munthu amene akumanga thupi

Simufunika zakudya za m'zitini zodula. Amene akufuna kumanga minofu amafunika magalamu pafupifupi 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndipo angathe kuwapeza mu usipa, matemba, utaka, mazira, nyemba, nandolo, khobwe, soya, chiponde ndi chambiko. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. Nsima musaisiye, chifukwa ndi imene imakuthamangitsani, koma ya mgaiwa ndi yabwino kuposa ya ufa woyera poti gaga amasunga mavitamini omwe mowa unakulandani. Ngati cholinga ndi kuchotsa chimimba, chepetsani mtanda umodzi n'kuchulukitsa ndiwo zamasamba, koma muyambe zimenezi mwezi wachiwiri kapena wachitatu. Njala ndi kusiya mowa siziyendera limodzi.

Pa zakumwa, madzi a malambe, a bwemba, tiyi wa mandimu ndi mahewu zimathandiza kuti dzanja lisakhale lopanda kanthu. Thobwa ndi labwino likakhala latsopano; likagona masiku n'kuyamba kusasa ndi kuchita thovu, lisiyeni. Mowa womwe amati ulibe mphamvu umathandiza ena, koma kwa ambiri fungo ndi botolo lake zimadzutsa chibaba, ndiye ine ndimati miyezi yoyamba musauyandikire.

Chachisanu ndi chitatu: anzanu, mpira wa sosho ndi zisangalalo

Pali msampha womwe umagwira makamaka anthu okonda masewera. Mpira wa sosho wa Lamlungu umatha ndi makireti. Matimu ena amasewera pofuna chifukwa chomwera. Kuonera Bullets ndi Wanderers kapena ligi ya ku England nakonso kumachitikira kubala. Simuyenera kusiya mpira, koma miyezi yoyamba konzani kachokedwe kanu. Wezulo yomaliza ikangolira, perekani moni, nyamukani. Musakwere galimoto ya mnzanu amene akupita kokamwa, chifukwa mudzapita komwe galimotoyo ikupita. Mpira wa pa TV muonere kunyumba kwa munthu amene samwa, kapena mumvere pawailesi.

Konzekeraninso yankho lanu, ndipo likhale lalifupi. "Ndinasiya, amwene." Akati, "Aaa, kamodzi kokha sikapha," bwerezani mawu omwewo, osawonjezera chifukwa. Mukati "ndikumwa mankhwala" adzafunsa kuti mumaliza liti. Mukati "ndikukonzekera mpikisano" adzadikira mpikisanowo uthe. Kwa akuluakulu, monga malume kapena apongozi amene akupatsani chipanda pamwambo, landirani ulemu wawo ndi manja awiri ndi mawu: "Zikomo kwambiri amalume, koma ine ndinasiya, thupi linakana." Akuluakulu ambiri amamva zimenezi msanga kuposa anzanu a msinkhu umodzi. Ku ukwati, ku chinkhoswe ndi ku zomangamanga za manda, fikani mutadya, gwirani botolo la chakumwa chozizira kuyambira pofika, pezani ntchito yothandiza, ndipo chokani kusanade.

Anzanu ena adzatalikira, ndipo zimapweteka. Ena mudzazindikira kuti chomwe chinkakulumikizani chinali raundi basi. N'chifukwa chake mukufunika gulu latsopano, ndipo likhale la mitundu iwiri: lina lothamanga nalo, lina lolankhula nalo za mowa popanda manyazi. Lachiwirili likhoza kukhala mlangizi wa kuchipatala, gulu la kumpingo kapena kumzikiti, kapena Alcoholics Anonymous, gulu lomwe linayamba mu 1935 ku America ndipo limakumana m'maiko ambiri komanso pa intaneti, popanda malipiro. Mutu umodzi susenza denga. Kwa abale athu amene ali ku South Africa ndi ku Britain, komwe kusungulumwa kwa Loweruka ndi Lamlungu kumamwetsa anthu ambiri, kuli parkrun, kuthamanga kapena kuyenda makilomita 5 kwaulere Loweruka lililonse m'mawa m'mapaki. Ndi njira yosavuta yopezera anthu kunja kwa shabini.

Chenjeraninso ndi zolowa m'malo mwa mowa. Kubetcha mpira ndi kandege ka pafoni zimadya ndalama yomwe mwapulumutsa ndipo zimayabwa malo omwewo mu ubongo. Chamba, fodya ndi zakumwa zopatsa mphamvu zambirimbiri n'chimodzimodzi. Ngakhale masewerawo angathe kusanduka pothawira: ngati mukuthamanga bondo likupweteka chifukwa mukuopa zomwe mungachite mukakhala pansi, imeneyo ndi nkhani yokakambirana ndi mlangizi.

Chachisanu ndi chinayi: konzekerani tsiku lomwe simudzatha kuthamanga

Lidzafika. Mudzabinya phazi, mudzadwala malungo, mvula ya Januwale idzagwa sabata yonse, kapena sikelo idzakana kutsika ngakhale mukulimbikira. Ngati munasiya mowa kuti muchepetse thupi basi, tsiku limenelo mudzati palibe phindu, n'kubwerera. Choncho zinthu ziwirizi muzizisunga m'mabuku osiyana. Masiku osamwa muziwerenga paokha, makilomita paokha. Sabata yomwe simunathamange koma simunamwe ndi sabata yomwe mwapambana. Lembani lero zomwe mudzachite pa ola loopsa lija mukadzavulala: masewera a manja mutakhala pansi, kupita kukaonerera anzanu akuphunzira, bawo kwa neba amene samwa, kwaya, dimba.

Ambiri amaterereka osati pa tsiku lachisoni koma pa tsiku labwino, patatha miyezi ingapo, thupi litasintha, anthu akuyamikira, mtima n'kumati tsopano ndingathe kumwa awiri n'kuima. Ngati kale simunkatha kuima pa awiri, kulimba kwa miyendo sikunasinthe zimenezo.

Mukamwa, musadikire Lolemba kapena mwezi watsopano. Tayani wotsala, musayendetse galimoto kapena njinga yamoto, ndipo uzani munthu wanu uja tsiku lomwelo. Kumbukirani kuti thupi silipiriranso mulingo wakale, ndiye womwe unkangokusangalatsani ukhoza kukukomolani. Mawa lake musadzilange ndi makilomita 15. Imwani madzi, idyani, yendani pang'ono. Kenako khalani pansi mulondole: munali kuti, ndi yani, munadya, chinakukwiyitsani n'chiyani, ndi pati pomwe mukanakhotera kwina? Konzani malo amenewo. Ngati mwamwa masiku angapo motsatizana ndipo kunjenjemera kwabwerera, bwererani ku gawo lachiwiri, chifukwa kudula mowa mobwerezabwereza kumachititsa kuti zizindikiro zija zizikula ulendo uliwonse. Ndipo ngati chisoni chakula mpaka mwayamba kuganiza zodzipha, uzani munthu nthawi yomweyo ndipo apite nanu kuchipatala. Kwa anthu ambiri mowa unkaphimba matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo matenda amenewa ali ndi chithandizo chake.

Chakhumi: dziikireni chokonzekera

Mukakwanitsa miyezi 3, sankhani chinthu chomwe chili ndi tsiku. Chikhoza kukhala makilomita 5 kapena 10 pa mpikisano wothamanga wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kukwera Michiru, Soche kapena phiri la Zomba ndi anzanu, ndipo patsogolo Sapitwa pa Mulanje, pamtunda wa mamita 3,002, mutatsogoleredwa ndi odziwa njira. Muziyeza zinthu zomwe sikelo sionetsa: lamba wafika pa bowo liti, mapushapu akukwana angati, BP ikuti chiyani, ndi kagundidwe ka mtima mukangodzuka, komwe kwa ambiri kamatsika mowa ukachoka ndipo masewera akakhazikika.

Musanapite ku mpikisano uliwonse, konzani maola 6 otsatira mzere womaliza, chifukwa pamenepo pamakhala nyimbo, kutopa, chisangalalo ndi munthu wokupatsani botolo lozizira akuti mwaligwirira ntchito. Panganani ndi amene adzakudikireni, nenani komwe mukadye nkhomaliro, ikani chakumwa chanu m'chikwama, ndipo lembani kale pa kalendala tsiku ndi nthawi ya masewera oyamba a sabata yotsatira.